Mbiri yanu ya ngongole imakutsatirani

Alimi anzanga a ku Machinga ndi Balaka, wokongoza ndalama sayang'ana kukula kwa munda kokha. Amafunsanso m'mene mudabwezera ngongole zakale.

Nthawi ya bungwe la SACA, membala mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa feteleza chaka chotsatira. Chitadutsa chilala cha 1992 ambiri sadabweze, ndipo bungwelo lidagwa. Masiku ano, potsatira lamulo la 2010, mabanki amauzana mbiri ya okongola, choncho kuthawira kubanki ina sikuthandiza.

Ine ndimalangiza kuti muzikongola ndalama zokhazo zomwe thonje kapena mpunga wanu ungabweze ngakhale mvula itadula msanga. Bwezani tsiku lisadakwane ndipo sungani malisiti. Mbewu zikapserera, pitani nokha kwa wokongozayo mukakambirane, iye asadakulondoleni pakhomo.