WAV kapena MP3: sankhani bwino musanabene CD

Tinene kuti inu ndi anzanu mwajambula nyimbo kunyumba ku Area 47, pa FL Studio kapena Audacity, ndipo mwadina Export. Kompyuta ikufunsani: WAV, FLAC kapena MP3? Ambiri amangothamangira MP3 poti ndi dzina lomwe analizolowera. Ine ndikuti tiyambe taona kaye masamu ake, chifukwa mukalakwitsa apa nyimbo imaonongeka osakonzekanso.

Mawu ndi mafunde oyenda mumpweya. Maikolofoni amasandutsa mafundewo kukhala magetsi, kenako kompyuta imayeza mphamvu ya magetsiwo mobwerezabwereza n'kumalemba manambala. Pa CD, yomwe makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Nambala imeneyi sanangoilota ayi. Khutu la munthu limamva mafunde osapitirira 20,000 pa sekondi, ndipo lamulo la Nyquist limati kuti funde lisungike bwino, liyezedwe mofulumira kuposa kawiri liwiro la kugwedera kwake. 20,000 kuchulukitsa ndi 2 ndi 40,000, ndiye 44,100 ikukwanira mpaka kutsalako.

Tsopano tengani kakyuleta. Muyezo uliwonse umatenga ma bit 16, ndipo mbali zilipo ziwiri, ya sipika yakumanja ndi yakumanzere. 44,100 × 16 × 2 ikutipatsa ma bit 1,411,200 pa sekondi. Gawani ndi 8, muchulukitse ndi 60, mupeza ma MB pafupifupi 10.6 pa mphindi. Ndiye kuti nyimbo ya mphindi 4 ndi ma MB 42. Imeneyo ndiye WAV, yosunga nambala iliyonse osataya kanthu.

MP3, yomwe akatswiri a Fraunhofer ku Germany anatsogolera kuipanga, imachepetsa failo potaya mawu omwe khutu silingawazindikire msanga. Mwachitsanzo, ng'oma ikagunda mwamphamvu, kamawu kofooka komveka limodzi nayo kamabisika, ndiye MP3 imakachotsa. Pa 128 kbps, nyimbo ija ya ma MB 42 imatsika osafika n'komwe ma MB 4. Bando imapuma, koma zotayidwazo zapita.

Ine ndimazifanizira ndi kuchigayo. WAV ndi mgaiwa, zonse zili momwemo. MP3 ndi ufa woyera: madeya anachotsedwa pokonola. Ufa woyera mungauthire m'thumba lolembedwa kuti mgaiwa, madeya sabwereramo. Chimodzimodzi, kusintha MP3 kukhala WAV kumangokulitsa failo, mawu otayika aja sabwerera. Nayo FLAC imafinya failo mpaka kutsala pafupifupi theka popanda kutaya chilichonse, choncho ndi yabwino posungira.

Nanga pofika pobena? Mukapita kwa obena nyimbo ku Old Town, tengani ma WAV a 44,100 ndi 16 bit pa fulashi. Ngati munajambula pa 48,000 kapena 24 bit, sinthani potulutsa pomwepo. Mukafika, nenani momveka kuti mukufuna Audio CD, osati Data CD. Data CD imangosunga mafailo ngati fulashi, ndipo mawailesi ambiri akale, a m'nyumba ndi a m'galimoto, saiwerenga. Audio CD imalira pa choimbira CD wamba, koma imawerengera nthawi osati kukula kwa failo: CD ya ma MB 700 imatenga mphindi 80 basi, kaya munabweretsa MP3 kaya WAV.

Taganizani kwaya yomwe ikukhazikitsa chimbale ku BICC ku City Centre, yabenetsa ma CD 200, ogula n'kukapeza kuti sakulira m'galimoto. Ndalama zalowa m'madzi. N'chifukwa chake ndimalangiza kubena imodzi kaye, kuiyesa pa mawailesi awiri kapena atatu, kenako n'kuchulukitsa. Ma WAV anu asungeni malo awiri osiyana, ndipo MP3 ya 320 kbps ikhale yongotumizira anzanu ndi ma DJ.

Kantchito ka sabata ino: tulutsani nyimbo imodzi ngati WAV komanso ngati MP3 ya 128 kbps. Tsegulani iliyonse mu Audacity, dinani Analyze kenako Plot Spectrum. Yang'anani chakumanja, pomwe pali mafunde opitirira 16,000. Lembani m'kope mwanu nambala yomwe chithunzi cha MP3 chikudukira, muyerekeze ndi cha WAV.