Kodi Mwala Umadziŵika ndi Maso Kapena ndi Moto?

PAMGODI wa Freda Rebecca, pafupi ndi Bindura mu Zimbabwe, tani yathunthu ya miyala ingakhale ndi magalamu oŵerengeka chabe a golidi, osaoneka ndi maso. Kulakwa pang’ono poŵerengera kungachititse amuna kukumba pachabe kwa miyezi, ndipo mabanja, kuphatikizapo a anthu ochokera ku Malaŵi, angasoŵe chakudya. Nangano eni mgodi amadziŵa motani pokumba?

1. Kodi nchifukwa ninji maso ali osakwanira pamgodi?

2 Aristotle, wanthanthi Wachigiriki wa m’zaka za zana lachinayi B.C.E., anaphunzitsa kuti zitsulo zimapangika pamene nthunzi yatsekerezedwa m’miyala pansi pa nthaka. Lingalirolo linamveka lanzeru, ndipo ophunzira analibwereza kwa zaka mazana ambiri. Sikuti akalewo anali opusa. Theophrastus, wophunzira wake, analongosola mwala umene anali kukhutizapo golidi kuti adziŵe ngati ali weniweni. Komabe, golidiyo anayesedwa, pamene chiphunzitso cha nthunzicho chinangodalira kutchuka kwa mphunzitsi.

2. Kodi chiphunzitso cha Aristotle chinapereŵera pati?

3 Talingalirani za nickel, chitsulo chimene mgodi wa Trojan ku Bindura unatulutsa kwa zaka makumi ambiri. Okumba migodi a ku Germany anali kupeza mwala wofiirira wonga wa mkuwa, koma poung’anitsa pamoto, mkuwa sunali kutuluka. Anaimba mlandu mzimu wonyenga, nautcha mwalawo Kupfernickel. Mu 1751, Axel Cronstedt wa ku Sweden anayesa mwala wa mtundu umenewu napeza chitsulo choyera chimene mabuku akale sanatchule konse. Iye anakhulupirira zimene zinatuluka, ngakhale kuti akatswiri ena anaumirira kuti chinali msanganizo chabe wa zitsulo zodziŵika kale.

3. Kodi Cronstedt anasiyana motani ndi okumba migodi?

4 Lerolino woyesa golidi amapera mwala, nausungunula pamodzi ndi mtovu, umene umasonkhanitsa golidi yense. Ndiyeno amatentha mtovuwo m’kambale kamene kamaumwa, ndipo kamkanda kotsalako kamayeretsedwa ndi kuikidwa pasikelo. Njirayi njakale, Georgius Agricola anailongosola m’buku lake lofalitsidwa mu 1556. Koma tsopano woyesayo iyemwini amayesedwanso. Pakati pa miyala yotumizidwa kwa iye amasanganizamo ina yopanda golidi konse, osamuuza. Akapezamo golidi, gulu lonselo la miyala limayesedwanso.

4. (a) Kodi golidi amayesedwa motani? (b) Kodi woyesayo amayesedwa motani?