BP, ma ARV ndi impso: adokotala ayankha makalata a m'makomboni a Lusaka

Kolera ikabuka mu Lusaka dziko lonse limamva. Kumayambiriro kwa 2024 bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mayina a Kanyama ndi Matero anali pakamwa pa aliyense. Koma makalata amene amafika ku pulogalamu ya zaumoyo ya pawailesi mvula ikatha amakamba za matenda amene sabwera ndi phokoso: BP, shuga ndi impso. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse mu Zambia ali ndi BP yokwera. Madzulo ena mlendo wa pulogalamuyi anali dokotala wa matenda a m'thupi mwa anthu akuluakulu, ndipo muulutsi anayamba ndi kalata ya ku Matero.

Analemba ndi mayi amene akhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa khumi. Chiwasinthireni mankhwala n'kuwapatsa TLD, thupi lawonjezeka, madiresi sakukwananso, ndipo ulendo wathawu anesi anawauza kuti BP yakwera. "Anzanga akuti ndikuoneka bwino, koma ine ndikuopa. Ndisiye kodi?"

"Amayi, musasiye ngakhale tsiku limodzi," anayankha adokotala. Kenaka anawauza kuti zimene aona pathupi pawo si zongoganizira. Mu TLD muli mankhwala otchedwa dolutegravir. Kafukufuku wa ADVANCE, amene Francois Venter ndi anzake anachita ku Johannesburg pa anthu oposa 1,000 n'kufalitsa zotsatira zake mu 2019, anaonetsa kuti omwa dolutegravir amanenepa kuposa omwa mankhwala akale a efavirenz, makamaka amayi, ndipo makamaka akaphatikiza ndi mtundu watsopano wa tenofovir wotchedwa TAF. Akatswiri akutsutsanabe pa chifukwa chake. Ena akuti dolutegravir ndiye amanenepetsa. Ena akuti mankhwala akale aja ndiwo ankapanikiza thupi kuti lisakule, ndiye atachotsedwa munthu akungofika pamene akanafika kale. Chimene sakutsutsana n'chakuti dolutegravir amagonjetsa kachilombo mwamphamvu, ndipo kafukufuku wa VISEND, wochitikira konkuno ku Zambia motsogoleredwa ndi Lloyd Mulenga wa ku chipatala cha UTH, anatsimikizanso zomwezo. Mayi wa ku Matero apitirize TLD, ayambe mankhwala a BP ngati ikhalabe yokwera atayezedwa masiku osiyana, ndipo apemphe kuyezedwa shuga. Adokotala anawonjezera chenjezo limene ambiri salidziwa: dolutegravir amachulukitsa mphamvu ya metformin, mankhwala a shuga, m'magazi, choncho amene akumwa zonse ziwiri auze wolemba mankhwala kuti muyezo wa metformin usapitirire.

Chenjezo limenelo likhoza kugwira ntchito pokhapokha wolemba mankhwala a shuga akudziwa kuti wodwalayo ali pa ma ARV. Nthawi zambiri sadziwa, chifukwa makhadi ndi awiri, mizere ndi iwiri, ndipo munthu woopa kusalidwa saulula pa khomo lachiwiri zimene ananena pa khomo loyamba.

Kalata yachiwiri inali yaukali pang'ono. Bambo woyendetsa minibasi wa ku Chawama anapatsidwa mankhwala a BP otchedwa amlodipine, ndipo akakolo amatupa akakhala nthawi yaitali pa chiwongolero. Mkulu wawo amene ali kunja kwa dziko amamwa mankhwala ena. Funso lawo linali loti kodi amlodipine ndi mankhwala a amphawi.

Adokotala anakana mwamphamvu. Anatchula kafukufuku wa CREOLE wa 2019, wotsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja, amene anayesa anthu 728 m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa. Anthuwo anagawidwa patatu, gulu lililonse likumwa mankhwala awiri ophatikiza. Magulu awiri amene anali ndi amlodipine ndiwo anatsitsa BP kwambiri kuposa gulu la perindopril ndi hydrochlorothiazide. "Abambo, mankhwala anuwo anayesedwa pa anthu onga inu, ndipo anapambana. Kutupa kwa akakolo kumachitika ndithu. Pitani mukanene, akhoza kuchepetsa muyezo n'kuwonjezera mtundu wina." Anawauzanso kuti asamagule brufen kapena diclofenac pa kantemba tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, popeza mankhwala amenewo amakweza BP ndipo amawononga impso.

Muulutsi anafunsa za manambala, poti omvera ena amawerenga pa intaneti kuti BP yokwera imayambira pa 130/80. Ndi zoona kuti madokotala a ku America anatsitsa malire kufika pamenepo mu 2017, pamene malangizo a WHO a 2021 amati munthu wamba ayambe mankhwala pa 140/90. Adokotala sanataye nthawi pa mkanganowu. Anati anthu amene amafika kuchipatala atafa ziwalo mbali imodzi ambiri amakhala ndi BP yoposa manambala onse awiriwo kutalitali, ndipo ena amakhala asanayezedwepo chiyambire.

Pa kalata ya ku Mtendere m'pamene pulogalamu inakhalitsa. Mtsikana analemba za bambo ake, owonda thupi, odwala shuga kwa zaka zambiri. Chaka chatha magazi anaonetsa kuti impso zili bwino. Tsopano nkhope ikutupa m'mawa, mkodzo ukuchita thovu, ndipo akuti impso zafooka. Iye anafuna kudziwa ngati oyeza aja analakwitsa.

Adokotala anati sangaweruze za munthu amene sanamuone, koma anafotokoza mmene muyezowo umagwirira ntchito. Ku labu sayeza impso mwachindunji. Amayeza creatinine, zotsalira zimene minofu imatulutsa ndipo impso zimasefa, kenaka amaika nambalayo m'masamu ena kuti ayerekeze mphamvu ya impso. Masamuwo anapangidwa kwenikweni pa anthu a ku America ndi ku Ulaya. Munthu wa minofu yochepa amatulutsa creatinine wochepa, motero magazi ake akhoza kuoneka oyera pamene impso zayamba kale kutopa. Kwa zaka zambiri masamu omwewo ankawonjezera pafupifupi 16 peresenti pa zotsatira za munthu aliyense wolembedwa kuti ndi wakuda, poganiza kuti akuda onse ali ndi minofu yambiri. Ku America anachotsa chiwonjezero chimenecho mu 2021 pambuyo pa mkangano waukulu, chifukwa chinkachedwetsa odwala akuda kuonana ndi akatswiri.

Kuchotsako sikunathetse vuto la kuno. Kafukufuku wa ARK, wofalitsidwa mu 2022, anayeza impso mwachindunji pa anthu oposa 2,500 ku Malawi, Uganda ndi South Africa. Anapeza kuti masamu onse odalira creatinine, okhala ndi chiwonjezero chija kapena opanda, amakometsa impso za anthu a mu Africa kuposa mmene zilili, kutanthauza kuti odwala ambiri amadutsa osadziwika. Muyezo wina wotchedwa cystatin C unachita bwinopo, koma ndi wodula ndipo supezeka m'zipatala zing'onozing'ono.

"Mwana wanga," anatero adokotala, "chimene chikanathandiza bambo ako msanga ndi chotsika mtengo. Munthu aliyense wa shuga kapena BP ayezedwe mkodzo kamodzi pachaka, kuona ngati ukutaya mapuloteni. Thovu lija likhoza kukhala chizindikiro chake." Anamulangiza kuti atenge mankhwala onse amene bambo ake amamwa, a kuchipatala, ogula ndi azitsamba omwe, akawaonetse kwa dokotala, ndipo apemphe kalata yowatumiza kwa akatswiri a impso. Kufooka kwa impso kukadziwika msanga kukhoza kuchedwetsedwa zaka zambiri. Makina otsuka magazi alipo ku UTH, koma banja la ku Mtendere limene lingafike pamenepo lidzalipira ndi mayendedwe a maulendo angapo sabata iliyonse, ndi ntchito ya amene akuperekeza wodwala.

N'zopweteka kuti bambo wokalamba wa ku Mtendere athe chaka akukhulupirira pepala lowerengedwa ndi masamu amene sanapangidwire thupi lake. Kusalingana pa zaumoyo anthu amakuona mosavuta mankhwala akasowa pa shelefu, koma kumabisalanso m'zida zoyezera. Mu 2020 ofufuza a ku Michigan anaonetsa kuti kachida kopanira pachala koyeza mpweya m'magazi kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Kachida komweko n'kamene kanali m'manja mwa anesi athu m'masiku a Covid-19.

Kalata yotsiriza inachokera kwa mayi wogulitsa kapenta ndi tomato ku George. Mng'ono wawo ali ndi HIV, ndipo amalandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, aulere. Akaphonya tsiku amamuimbira foni. Iwo ali ndi BP yokha. Amasiya msika mwezi ndi mwezi kukakhala pa mzere, ndipo nthawi zina amabwerera ndi kapepala kokagula okha. "Kodi matenda anga ndi ochepa kuposa a mng'ono wanga?"

Adokotala anayankha kuti kusiyanako kunabadwa ndi ndalama. Thandizo lakunja la HIV, makamaka la PEPFAR ndi Global Fund, linamanga kaundula, ma labu ndi otsata odwala m'makomo, pamene BP ndi shuga zinasiyidwa pa thumba la boma ndi la wodwala. Boma linachotsa malipiro m'zipatala zoyambira mu 2012, ndipo zipatala zing'onozing'ono za ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata zinakwezedwa kukhala zipatala zoyamba zazikulu ndi thandizo la Japan. Inshulansi ya NHIMA, yochokera m'lamulo la 2018, imadula 1 peresenti pa malipiro a wantchito, ndipo wolemba ntchito amaikanso 1 peresenti. Wogulitsa pamsika alibe womudulira. Ayenera kukalembetsa ndi kumalipira yekha, ndipo mwezi wa malonda oipa chakudya cha ana chimatsogola.

Njira imene ofufuza akuyesa ndi kuphatikiza mizere iwiriyo. Kafukufuku wa INTE-AFRICA, wochitikira m'zipatala 32 za ku Tanzania ndi Uganda n'kufalitsidwa mu 2023, anasonyeza kuti odwala HIV, shuga ndi BP akhoza kuthandizidwa pa khomo limodzi popanda kubweza m'mbuyo chisamaliro cha HIV. Mu Lusaka bungwe la CIDRZ lakhala likuyesa njira yotchedwa TASKPEN, yophunzitsa anesi ndi othandiza odwala a ku ma ARV kuyeza ndi kuchiza BP ndi shuga. Koma TASKPEN imayambira pa amene ali ndi HIV, ndipo mayi wa ku George akadali kunja kwa khomo limenelo. Kugwedezeka kwa thandizo la America mu 2025 kwabweretsanso funso la amene adzalipire zonsezi.

Pakadali pano adokotala anapatsa mayi wa ku George uja zochita zitatu. Ngati BP yawo yakhazikika, apemphe mankhwala a miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Asunge kabuku kolemba manambala a BP ndi dzina la mankhwala, kuti pamene akugula okha asapatsidwe mtundu wina. Ndipo kapenta wamchere amene amagulitsayo azimuviika ndi kumutsuka asanaphike, osawonjezeranso mchere kapena tizokometsera ta m'mapepala, popeza WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe sakwana ngakhale tiyisipuni imodzi yodzaza.