Kugulitsa Kompyuta Yakale

Kale m'chigwa cha Domasi munthu akafuna ndalama ankagulitsa mbuzi, mpunga kapena njinga. Masiku ano kwabwera katundu wina. M'nyumba zina muli kompyuta. Ina adatumiza ndi mwana amene ali pa ntchito ku Johannesburg. Ina adaigula bambo pamene ofesi yawo inkagulitsa katundu wakale. Ina ndi ya malemu. Yangokhala pakona, yofunditsidwa chitenje, palibe woigwiritsa ntchito.

Tikunena pano kompyuta ya patebulo, osati laputopu yonyamula m'chikwama ija. Ya patebulo ili ndi ziwalo zinayi. Pali bokosi, lomwe ndi mutu wa zonse. Pali sikirini, poonera mawu ndi zithunzi. Pali kiyibodi, yokhala ndi mabatani a malembo. Pali mausi, kanthu kogwira m'dzanja kolozera pa sikirini. Onjezanipo zingwe zake. Chimodzi chikasowa, mtengo watsika kale.

Kompyuta si mbuzi

Mbuzi ikakhala m'khola imanenepa ndiponso imaswa. Kompyuta ikakhala m'nyumba imangotha. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'bokosi. Chinyontho cha m'dzinja chimachititsa dzimbiri. Mphemvu zimaswerana m'kati, makoswe nawo amadula zingwe.

Ngakhale muisamale bwanji, mtengo wake umatsikabe chaka ndi chaka. Chifukwa chake ndi ichi. Kompyuta imayenda ndi pulogalamu yaikulu, ndipo ambiri mwa makompyuta a kuno amayenda ndi ya dzina loti Windows. Eni ake, kampani ya Microsoft ya ku America, amatulutsa yatsopano n'kusiya kusamalira yakale. Windows XP adaisiya mu 2014. Windows 7 adaisiya mu Januwale 2020. Windows 10 nayo nthawi yake idakwana mu Okutobala 2025. Zikatere, maofesi a kunja amachotsa makompyuta awo akale, ndipo ena mwa iwo amadzafika kuno ngati kaunjika. Katundu akachuluka pa msika, mukudziwa kale zimene zimachitika ndi mtengo. Ndi monga tomato pa Songani nthawi yokolola.

Tsono ngati simukuigwiritsa ntchito, musanene kuti, "Ndidikire mtengo ukwere." Sudzakwera ayi.

Kodi wogula ndani?

Musataye nthawi kutsatsa kwa munthu amene alibe magetsi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Kumidzi chiwerengerocho chidali chochepa kwambiri. Kompyuta ya patebulo ilibe batire losunga moto monga foni. Magetsi akangothima, nayonso yathima pompo, ndipo zimene munthu amalemba zikhoza kutayika.

Imadyanso magetsi ambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kompyuta yakale pamodzi ndi sikirini yake ya chimsana ija imatha kudya mawati 150. Babu laling'ono la masiku ano limadya mawati 5. Gawani 150 ndi 5, mupeza 30. Ndiye kuti kompyuta imodzi ikufanana ndi mababu 30 oyaka nthawi imodzi! Yuniti imodzi ya ESCOM siikwana maola 7. Kasola kakang'ono kotchajira mafoni sikangaikwanitse. Mukamugulitsa mnansi wanu wa kasola kotere, mawa abwera nayo pakhomo ndi mkwiyo.

Ogula enieni ali pa malo a malonda pomwe pali magetsi, monga pa Domasi, pa Songani, pa Malosa ndi m'tauni ya Zomba. Ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi. Ndi anthu otayipa makalata ndi kusindikiza mapepala. Ndi eni sukulu zing'onozing'ono zophunzitsa kompyuta. Kwathu kuno kuli mwayi, pakuti pa Domasi pali Domasi College of Education ndiponso Malawi Institute of Education, ndipo pamene pali maphunziro sipasowa pepala lofuna kutayipidwa. Koma musadalire kwambiri ophunzira eni akewo. Iwo amakonda laputopu, poti amapita nayo m'kalasi.

Dziwani chimene mukugulitsa

Apa ndi pamene sukulu ya kwacha ikuthandizeni. Tengani kope ndi pensulo. Yang'anani kutsogolo kwa bokosi. Mupeza dzina, kaya Dell, kaya HP, kaya Lenovo. Lembani. Mupezanso kapepala kakang'ono komata. Kakati Pentium 4, kompyutayo ndi nkhalamba zedi. Kakati Core i3 kapena Core i5, ndi yapambuyo pake, ndipo mtengo wake ndi wabwinoko. Kumbuyo kapena m'mbali kuli nambala yaitali ya malembo ndi manambala osakaniza. Imeneyo ndi nambala ya kompyuta yanuyo yokha, monga nambala ya pa fulemu ya njinga. Ikopereni mosamala, lembo limodzilimodzi. Musafulumire.

Kenaka pitani ndi kope lanulo kwa amisiri awiri kapena atatu okonza makompyuta. Funsani kuti, "Kompyuta yotere mukugulitsa zingati?" Musayambe ndi kunena kuti muli nayo yogulitsa. Mukamva mitengo itatu, mudziwa poyambira. Yanuyo iyenera kutsikirako pang'ono, chifukwa mmisiri amalonjeza kukonza ikavuta, pamene inu simungathe kulonjeza zimenezo.

Musanaitsatse, ipukuteni ndi kansalu kouma. Madzi ayi. Ngati ikusokoneza tsiku ndi nthawi poyatsa, musade nkhawa. M'kati mwa bokosi muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kakatha mphamvu, kompyuta imaiwala tsiku. Mmisiri amakasintha msangamsanga, ndipo sikadula.

Zinsinsi za m'kati

Ambiri amaiwala mfundo iyi. Kompyuta ili ngati sutikesi. Simungagulitse sutikesi muli makalata a banja. M'bokosi muja muli chosungira zinthu chotchedwa hard disk. M'menemo mukhoza kukhala zithunzi za ana, makalata a munda, nkhani za kuchipatala, ngakhale maina a anthu a ngongole a mwini wake woyamba.

Kungofufuta ndi batani sikukwanira. Munthu wodziwa amatha kuzibweza. Choyamba uzani mmisiri akusungireni zofunika mu fulashi. Kenaka afufute zonse kotheratu, inu muli pomwepo. Ngati kompyuta idali ya malemu, yambani mwakhala pansi ndi abale. Mwina muli chithunzi chimene mayi ake a malemuwo alibe kwina kulikonse.

Tsiku la malonda

Wogula aione ikuyaka. Atayipe dzina lake, ayese mabatani, alowetse fulashi, amve ngati mawu akutuluka. Isiyeni iyake kwa kanthawi ndithu, chifukwa makompyuta ena amathima okha akatentha. Ngati ili ndi chilema, nenani nokha iye asanachipeze. Domasi ndi kochepa, abale. Munthu amene mwamunamiza lero mudzakumana naye ku chigayo, ku maliro ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti.

Wogula wanzeru adzafunsa kuti, "Mudaipeza kuti?" Musakhumudwe. Makompyuta amabedwa m'masukulu ndi m'maofesi, ndipo malamulo a dziko lino amati kulandira katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu. Ngati muli ndi lisiti yogulira, onetsani. Ngati mulibe, fotokozani bwino pamaso pa mboni.

Za ngongole, ine ndikuti pewani. Kompyuta ikapita ndi theka la ndalama, mlungu wamawa mudzamva kuti, "Aaa, yafatu ija." Simudzadziwa ngati yafa yokha kapena yapsa ndi mphenzi m'manja mwake. Akalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, musakhulupirire uthenga wa pa foni yake. Onani ndalama zotsala pa foni yanu, ndipo katundu achoke mutaona kuti zalowadi.

Tsopano lembani pangano, mapepala awiri ofanana, lina lanu lina lake. Likhale lotere:

Lero pa ............, ine ............ wa m'mudzi mwa ............ ndagulitsa kompyuta ya mtundu wa ............, nambala yake ............, pamodzi ndi sikirini, kiyibodi, mausi ndi zingwe, kwa ............ pa mtengo wa K............ Wogula waiona ikuyaka. Chilema chake ndi ............ Ndalama zonse ndalandira.
Wogulitsa ............ Wogula ............ Mboni ............

Nanga ikakhala yakufa?

Yakufa nayo ili ndi mtengo wake, ngakhale wochepa. Amisiri amagula kuti achotsemo zipangizo zokonzera makompyuta ena. Koma sikirini ya chimsana musaitsegule. Imasunga magetsi m'kati ngakhale mutaizula pakhoma, ndipo galasi lake lili ndi mtovu. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, chifukwa umaononga ubongo.

Musaotche zingwe pofuna mkuwa wa m'kati. Ku Accra, m'dziko la Ghana, kudali malo otchedwa Agbogbloshie kumene anyamata ankaotcha zingwe za makompyuta akale. Utsi wake unkadwalitsa anthu, ndipo dothi lidaipa ndi poizoni. Boma lidagwetsa malowo mu 2021. Ife tisataye zinthu zotere mu mtsinje wa Domasi kapena m'makwawa otsikira m'menemo. Madzi amenewo ndi omwe amathirira mpunga kumunsi, n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba ndi milamba ya pa msika pathu.

Ntchito

1. Koperani pangano lija m'kope mwanu. Lembanimo dzina lanu ndi la mudzi wanu.
2. Kompyuta ina imadya mawati 100. Kodi ikufanana ndi mababu angati a mawati 5?
3. Kambiranani ndi anzanu: mlamu wanu akufuna kompyuta yanu pa ngongole, ndipo kwawo kulibe magetsi. Mumuyankha bwanji?