Phunziro la usodzi: kasungidwe ka nyambo m'nyengo ya chilimwe

Ntchito ya msodzi wa mbedza imayambira kumtunda. Kaya ndi bambo wotchera kampango ndi bombe pa chingwe cha mbedza zambirimbiri, kaya ndi mnyamata wowedza mlamba m'mphepete mwa Chia, onsewo amadalira nyambo. Koma m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mwera utaleka ndipo mchenga wa padoko ukuwotcha mapazi dzuwa lisanafike paliwombo, nyambo yambiri imafa isanaone mbedza. Msodzi amakhala wataya tsiku, ndi ndalama zomwe ngati nyamboyo anachita kugula, ndipo banja limagona ndi ndiwo zamasamba nyanja ili pakhomo.

Chimene chimapha nyambo si dzuwa lokha ayi, koma kuchepa kwa mpweya. Madzi amasunga mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma, ndipo akamatentha mpweyawo umachepa. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9 a mpweyawu, pamene pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5 basi. Kusiyanaku kungaoneke kochepa, koma nthawi yomweyo thupi la nsomba limagwira ntchito mofulumira chifukwa cha kutenthako ndipo limafuna mpweya wochuluka kuposa kale. Nyanja ndi yaikulu ndipo mafunde amaibwezera mpweya usana ndi usiku. Chidebe chilibe mwayi umenewo.

Tiyambe ndi nyongolotsi, popeza ndiyo nyambo ya aliyense. Nyongolotsi ilibe mapapo. Imapumira pakhungu, ndipo khungulo liyenera kukhala lonyowa nthawi zonse. Likauma, yafa. Nchifukwa chake m'chilimwe imathawira pansi kwambiri, ndipo oifuna amakaipeza patsinde pa nthochi, kudimba kapena pamene madzi a pamjigo amatayikira. Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri ndicho kuiika m'chitini kapena m'botolo lapulasitiki n'kuisiya pansi pa bwato. Chitini chikakhala padzuwa chimasanduka chiwaya.

Chosungiramo chabwino kuposa zonse tili nacho kale m'makomo mwathu: mphika wadothi. Amayi amadziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngakhale kunja kukutentha. Dothi lowotcha lili ndi timibowo tosaoneka, madzi amatulukira m'menemo pang'onopang'ono, ndipo akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha. Ikani mumphikamo dothi la pamalo pomwe mwakumba nyongolotsizo, losakaniza ndi masamba owola. Muyeso wa chinyezi ndi dzanja lanu: mukafumbata dothilo ligwirane, koma lisadonthe madzi. Vindikirani ndi chiguduli chonyowa, osati chivindikiro chotseka mpweya, ndipo mphikawo ukhale pamthunzi, makamaka wokwiriridwa pang'ono mumchenga wonyowa. M'mawa uliwonse sankhani zakufa ndi zoduka n'kuzitaya, chifukwa imodzi ikawola imawononga zinzake. Popita panyanja tengani zokwanira ulendo umenewo zokha, m'kathumba kansalu konyowa.

Za usipa tisanamizane. Kansombaka ndi kosalimba, mamba ake amachoka kakangogwidwa, ndipo kamafa msanga kakatuluka muukonde. Kuyesa kukasunga kamoyo m'chidebe n'kutaya nthawi. Chofunika n'chakuti kasawole. Gulani usipa mbandakucha a chilimira akangofika padoko, muukulunge m'chiguduli chonyowa pamthunzi, ndipo ngati mungapeze ayisi muike. Mchere pang'ono umalimbitsa mnofu kuti usasomphoke pambedza.

Matemba ndi tinsomba tina tolimba tingathe kukhala ndi moyo. Njira yabwino ndiyo kutiika m'dengu lolukidwa mothinana, lokhala ndi chivindikiro, n'kulimangirira ku bwato kuti likhale m'madzi momwemo. Ngati mugwiritsa ntchito chidebe, musadzaze nsomba; khumi zamoyo zimaposa makumi asanu zakufa. Mukaona zikubwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa, dziwani kuti mpweya watha. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo, muthire ena a m'nyanja mochokera pamwamba kuti achite thovu. Musasinthe madzi onse nthawi imodzi, chifukwa kuzizira kodzidzimutsa kumaphanso. Madzi a pampopi ali ndi kolorini amene amawononga ziwalo zopumira za nsomba, ndipo a pamjigo amatuluka pansi ali ndi mpweya wochepa. Musazipatse chakudya, pakuti zotsala ndi ndowe zake zimaipitsa madzi. Pozigwira nyowetsani manja.

Tsopano za moyo wa msodzi mwini wake, ndi wa ana amene timawatuma kukafuna nyambo.

Chigubu chimene munali mankhwala opopera fodya, thonje kapena mbewu zakudimba sichiyenera kusungiramo nyambo ngakhale chitatsukidwa kangati. Kukumba nyongolotsi kuseri kwa chimbudzi kapena pamene pamayenda madzi a kubafa nakonso n'koopsa. Nyongolotsi zimapezekadi zambiri pamalo oterowo, koma dothi lake limakhalanso ndi mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sunalambalale madoko a boma lathu. Dzanja limene lagwira nyambo lisambitsidwe ndi sopo lisanagwire nsima, chinangwa kapena mango.

Tinsomba ta nyambo timakonda malo osaya a mabango ndi udzu, ndipo m'malo omwewo ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu akangoima m'madzi. Mwana akamakodza magazi, si chizindikiro cha kukula monga ena amanenera. Mpititseni kuchipatala, mankhwala ake otchedwa praziquantel alipo. M'mabango a ku Chia ndi kumathiriro a Bua mulinso ng'ona ndi mvuu. Mwana asapite yekha, ndipo asapite kukuda kapena kusanache.

Mbedza ikalowa m'chala mpaka kupitirira kandevu kake, musaikoke mokakamiza chifukwa imang'amba mnofu. Dulani chingwe, mangani bala ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala, komwe akaonenso ngati mukufunika katemera wa kafumbata. Bala la minga ya kampango kapena mlamba litsukidwe bwino ndi sopo, ndipo likayamba kutupa musalizengereze.

Nkhani yotsalayi ikukhudza nyanja yonse. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunapezeka matenda a zilonda za nsomba, otchedwa EUS, kwa nthawi yoyamba m'dziko muno. Amayamba ndi kachilombo kofanana ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo amagwira kwambiri milamba ndi matemba, nsomba zomwe timakonda kuchitira nyambo. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji komweko n'kudzathira m'nyanja m'boma lathu lino. Msodzi amene atapa matemba m'dambo kapena mumtsinje wina n'kukawedzera kwina, kenako n'kukhuthulira zotsala ndi madzi ake m'nyanja, angathe kusamutsa matendawa ndi manja ake. Kachidutswa ka namasupuni kamayendanso chimodzimodzi. Nyambo igwiritsidwe ntchito m'madzi momwe yagwidwa. Yotsala ikwiriridwe kumtunda, ndipo dengu ndi chidebe ziyanikidwe padzuwa mpaka ziume gwa.

Palinso chizolowezi chokokera nyambo ndi masikito. Lamulo la zausodzi la mu 1997 ndi malamulo otsatira pake amaika malire pa zida zophera nsomba, ndipo masikito saloledwa. Ukonde woterowo susankha: umakokolola ana a chambo pamodzi ndi matemba, m'miyezi yomwe chambo chikuswana, ndipo usiku mwana amagona poyera udzudzu ukumuluma. Amene aona nsomba yokhala ndi zilonda zofiira pathupi, kapena nsomba zambiri zitafa malo amodzi, asaichite nyambo ndipo asaigulitse. Adziwitse komiti ya padoko kapena mlangizi wa zausodzi wa dera lake tsiku lomwelo, ndipo atchule bwino malo amene waziona.