Kodi womasulira sewero angasinthe dzina la munthu?

Funso: Ndawerenga The Visit, sewero la Friedrich Dürrenmatt la mayi wolemera amene akubwerera kwawo kukabwezera chipongwe. M'buku lina mwamuna amene anamukana uja ndi Alfred Ill, m'buku lina ndi Anton Schill. Analakwitsa ndani? — Mphunzitsi wa zisudzo

Yankho: Palibe analakwitsa, aphunzitsi. Dürrenmatt analemba m'Chijeremani, ndipo seweroli linaonetsedwa koyamba ku Zürich mu 1956, mwamunayo ali Alfred Ill. Maurice Valency ndiye anamutcha Anton Schill polikonzera anthu a ku New York, kumene Peter Brook analitsogolera mu 1958. M'Chingerezi dzina lakuti Ill limamveka ngati "wodwala", ndipo oonera akadasokonezeka nalo. Pamenepo ndikumuvomereza.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Valency anafewetsa Claire Zachanassian, mayi wolemera uja, amene wolemba anamupanga woseketsa komanso woopsa nthawi imodzi. Ndipo dzina la tauni ya m'seweroli, Güllen, limakumbutsa Mjeremani za ndowe zamadzimadzi zothira m'munda. Mngerezi amangomva dzina basi, fungo lija osalimva. Ngati mukufuna kuyandikira zimene Dürrenmatt analemba, ophunzira anu awerenge kumasulira kwa Patrick Bowles, kumene Ill akadali Ill.