Phunziro: Chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito

Mawu ofunika: ngozi, kulumala, chipukuta misozi, leba, inshuwalansi.

Tiwerenge

Mmisiri amagwa padenga. Makina amadula chala cha wantchito ku fakitale. Wopopera mankhwala pa esiteti amadwala chifuwa. Lamulo la dziko lino la chaka cha 2000 limati munthu wotere alandire chipukuta misozi. Umenewu ndi ufulu wake, wosadalira chifundo cha bwana.

Momwe zimayendera

1. Wovulala auze kapitawo kapena bwana tsiku lomwelo.
2. Bwana akanene za ngoziyo ku ofesi ya leba.
3. Dokotala amuyeze ndi kulemba kukula kwa kulumala kwake.
4. A leba awerengere ndalama, bwana alipire.

Wolumala moti sangagwirenso ntchito amalandira malipiro a miyezi 54. Ngati wamwalira, banja lake limalandira a miyezi 42. Tiwerengere: wolandira K100,000 pamwezi akalumala chonchi, ndalama zake ndi K5,400,000.

Pamene pamavuta

Lamuloli linakonza zoti pakhale thumba limodzi losonkhamo mabwana onse, koma zaka zambiri zadutsa thumbalo lisanayambe kugwira ntchito. Choncho mtolo wonse uli pa bwana mmodzi. Ngati sanagule inshuwalansi, kapena kampani yake yagwa, wovulala amangoyendera ndalama zake mpaka kutopa. Mabwana ena amabisa ngozi, ndipo antchito ena amakhala chete poopa kuchotsedwa ntchito. Ndalamazo zimabweranso kamodzi kokha. Zikatha, kulumala kumakhala kulipobe.

Palinso matenda obisala. Abambo ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA anabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo. Matendawa amaonekera patapita zaka. Mu 2018 makampani ena a migodi anavomera kulipira odwalawo kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust, koma wopanda umboni woti anagwirako ntchito amavutika kulandira.

Tikambirane

Kodi kwanu kuno alipo amene anavulala pa ntchito? Analandira chiyani? Nanga waganyu wopanda kalata ya ntchito angapeze umboni wotani?

Kumbukirani

Sungani kalata ya ntchito, mapepala a malipiro ndi buku la kuchipatala. Musasainire kapena kudinda chala pa pepala lomwe simunalimvetse. Bwana akakana kulipira, pitani nokha ku leba mapepala anu ali m'manja.